Nkhata Imene Sinafike Pamanda

Ndinadzuka tambala asanalire, pamphasa pansi pa mtengo wa mango pomwe amuna tinagona mozungulira moto. M'nyumba amayi anali atatopa ndi nyimbo, ankangong'ung'udza. Adzukulu ananyamula makasu, koma anayamba adikira kuti kuyere, chifukwa njovu zinagona m'munda wa pafupi ndi manda athu kuno ku Kakumbi.

Womwalirayo anali mwana wanga wamkazi wotsiriza. Mkazi wanga atamwalira, mwanayo analeredwa ndi alamu anga, akulu ake a mkazi wangayo, kwawo ku Jumbe. Kumeneko ndi kumene matenda anayambira: zilonda zapakhosi, thupi kutentha, mawondo kutupa. Patapita miyezi, manja anayamba kugwedezeka okha, nkhope kukokeka, kapu kumpulumuka. Adokotala anandiuza ndekha kuti matenda a pakhosi aja ndiwo anakhudza ubongo ndi mtima. Kugwedezekako kunadzatha, koma mtima sunachire. Abale anga sanazimve zimenezo. Iwo ankati alamuwo anamlodza mwanayo.

Dzuwa linatuluka lili lotentha kale. Anthu anayamba kufika: a mpingo, a panjinga ochokera ku Jumbe, ndi anzake a mwana wangayo a ku loji kumene ankachapa zovala, atadzaza galimoto yoonetsera alendo nyama. Alamu anga anali kumoto kuyambira m'mawa, akutunga madzi ndi kuwaza nkhuni. Akati akhale pansi, amayi ena ankasendera kutali.

Tisananyamuke, mkulu wanga anandikokera kuseri kwa nkhokwe. "Amayi aja asaike maluwa. Ukawaitana, ife tichoka pamanda." Ndinabwerera kwa anthu.

Tinayenda pang'onopang'ono, a kwaya patsogolo, fumbi likutsamwitsa nyimbo. Bokosi litatsitsidwa ndi kukwiriridwa, woitana oika maluwa anaima pafupi nane, ine ndikumunong'oneza mayina. Ndinatchula abale anga, a kwaya, a ku loji. Alamu anali atasendera kutsogolo, atagwira nkhata imene analuka okha ndi maluwa a pakhomo pawo.

"Kwatsala wina, atate?" anafunsa woitanayo.

Ndinapukusa mutu. Anthu onse anaona. Alamu anabwerera m'mbuyo mwakachetechete, nkhata ija ataiphimba ndi chitenje. Abusa anapemphera, koma sindinamve ngakhale liwu limodzi. Ndine amene ndinali ndi mawu a adokotala, ndipo ndinawasunga m'kamwa.

Madzulo anthu atabalalika, pakhomo panali zii. Abale anga anapita kukagona kwa mkulu wanga. Ndinakhala pakhonde, Baibulo lili pamiyendo, osalitsegula. Ndinkaganiza kuti ndatsala ndekha, mpaka ndinamva mbale zikugundana kuseri. Alamu anatulukira, nagwada chapatali, nandiikira madzi osamba m'manja.

"Alamu, simunalawe kanthu kuyambira dzulo," anatero.

Ndinasamba m'manja, maso ali pansi.