Tinayamba Tatunga Madzi a Pamaliro

Tinanyamuka pasukulu 6 koloko isanakwane, Loweruka lina m'mwezi wa Juni, chiperoni chitameza phiri lonse. Sukulu yathu ndi ya sekondale yoyendera, kumidzi ya kuseri kwa Limbuli, kufupi ndi malire moti foni ikafuna imangogwira netiweki ya ku Mozambique. Ine kwathu ndi ku Ndirande. Ndinabwera kuno kudzaphunzitsa Bayoloje, ndipo timu ya mpira wamanja anandipatsa chifukwa mphunzitsi wamkazi ndinalipo ndekha. Malamulo a mpirawo anandiphunzitsa ndi ana omwewo.

Ulendo unali wa ku Chinakanaka, kumene masukulu a m'boma lathu ankakapikisana tsiku limenelo. Kalata inati timu yosafika pokwana 10 koloko ichotsedwa, komanso kuti kudzakhala mayi wosankha atsikana okalowa m'timu ya chigawo. Nditawerenga zimenezo ndinaganiza za munthu mmodzi, Mariamu, wogoletsa wathu. Anali Folomu 4, mayeso ali pakhomo, ndipo mwayi wina woti munthu wodziwa mpira amuone sukanabweranso. Ndinadziuza kuti zivute zitani, mwana ameneyu akaima pabwalo lija.

Atsikana tinali nawo asanu ndi awiri, timu yokwana ndendende, wapabenchi palibe. Otinyamula kukafika ku Limbuli anali abambo ndi achimwene awo, pa njinga zawo za kabaza. Nditafunsa mtengo anandiyang'ana ngati ndawatukwana, ndiye ndinangokwera. Mariamu tinapangana kuti timutengera kwawo, popeza mudzi wawo uli panjira.

Titayenda mphindi makumi awiri, njinga yakutsogolo inaima. Pamsewu panali patayalidwa masamba aawisi. Tonse tinatsika, amuna n'kuvula zipewa. Mayi wina wosenza nkhuni anatiuza kuti Che Amidu, telala wa pamsika, amwalira mbandakucha, ndipo poti ndi Asilamu, aikidwa tsiku lomwelo ikatha swala, pemphero lawo la masana. Nyumba ya malemuwo inali yachitatu kuchokera kwa a Mariamu. Mariamuyo ndinamuona akuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu, ndipo sanandiyang'ane n'komwe.

Apa ndipo ndinaonetsa utauni wanga. Ndinalowa pabwalo la maliro ndi thalauza la masewera, wezulo ili pakhosi, n'kukaima njo pamaso pa mayi ake a Mariamu, Abiti Juma, amene ankasonkha moto. Ndinawafotokozera za 10 koloko ndi za mayi wosankha uja. Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino, koma pakamwa panga sipadziwa buleki. Ndinawonjezera kuti malemuwo si m'bale wawo, ndipo ngati vuto ndi madzi ndikhoza kupeza waganyu atunge. Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimachita manyazi.

Abiti Juma sanakweze mawu.

"Madamu, khalani pansi kaye," anatero. "Migolo itatu iyo ndi gawo la nyumba yathu, ndipo mwana wamkazi ndili naye mmodzi. Ndikamuchotsa pano kuti akadumphe ndi mpira, tsiku langa likadzafika adzanditungira ndani? Waganyu wanuyo?"

Ndinakhala pansi. Mumtima ndinali kuwira. Ndinayang'ana migoloyo, ndinayang'ana kutalika kwa njira ya kumjigo, ndipo ndinaona kuti munthu mmodzi angamalize dzuwa lili paliwombo.

Kenako chitenje chinagwera pamiyendo panga. Anandiponyera anali Esnart, kaputeni wathu, amene amasewera pakati. Pocheuka ndinapeza atsikana onse atavula kale nsapato, atamanga zitenje ndi mipango, akubwereka ndowa m'nyumba zoyandikana. Sanakhale pansi kuti apangane. Esnart anangoloza ndi chibwano, aliyense n'kudziwa pake. Wamtali kuposa onse anagwira mjigo, enawo anamwazikana m'njira motalikirana, Mariamu n'kuima pamigolo. Ndowa ikadzadza, woyamba ankathamanga nayo pang'ono n'kuitula pamutu pa mnzake osaiika pansi, iye n'kubwerera ndi yopanda kanthu. Ndinawayang'ana kwa nthawi ndithu ndipo sindinamve wina akuitana mnzake dzina. Wolandira ankawerama pa nthawi yake, wopereka ankasiya pa nthawi yake, madzi osatayika. Theka la atsikanawo ndi Akhristu, ena Alomwe a kutsidya kwa mtsinje, koma panalibe wofunsa kuti malirowa ndi a mpingo uti.

Ine ndinapatsidwa ntchito yoyenera nzeru zanga, yotsegula ndi kutseka zivundikiro za migolo.

Pofika hafu pasiti seveni mgolo wachitatu unasefukira. Abiti Juma anabwera, anasuzumira m'migolo yonse itatu, n'kupita kukagwada kwa mayi wamkulu woyang'anira zophika. Ananong'onezana nthawi yaitali moti ndinafuna kulira. Pobwera analankhula ndi ine, osati ndi mwana wawo.

"Dzuwa lisanalowe akhale ali pano. Mbale zikhala zikumudikira."

Mafuno abwino sanapereke, ndipo ifenso sitinawadikire. Tinakankha njinga mpaka titadutsa masamba a mbali inayo, kenako azibambo aja anapalasa ngati akuthawa ngozi. Amene anandinyamula ine, bambo ake a Esnart, anandiuza kuti ndigwiritse chishalo ndipo ndisalankhule.

Ku Limbuli tinafika 8 koloko, msika utayamba kale kutentha: matumba a chimanga, mabelo a kaunjika, njinga zosenza katundu woti galimoto ikhoza kukana. Kondakitala wa minibasi anati ku Chinakanaka ndi K4,500 munthu mmodzi. Ndinamuuza kuti ndine wa ku Ndirande, ndipo tinagwirizana K3,500. Anayesa kunena kuti mpira nawo ulipire, atsikana n'kumuseka mpaka anaseka nawo. Vuto linali loti minibasi ya ku Limbuli sinyamuka pali mpando wopanda munthu. Tinakhala momwemo theka la ola, injini ikulira ngati tikupita, ine maso ali pawotchi.

Msewu wochokera ku Limbuli kupita ku boma ndi wokongola, minda ya tiyi mbali zonse, phiri lili kumanja, koma tsiku limenelo ndinkangoona ngati dalaivala akuyenda chobwerera. Atsikana analibe nazo ntchito. Anamasula kaphukusi ka chinangwa chophika ndi kalongonda kamene mayi ake a Esnart anamanga, n'kumapatsirana pamwamba pa mitu ya anthu. Mariamu yekha sanadye. Anakhala pawindo, akudzisisita mapewa amene analema ndi kunyamula ndowa zija.

Pambali panga panali bambo wachikulire amene anati anagwira ntchito ya ukapitawo m'minda ya tiyi mpaka kupuma. Atamva kumene tikupita, anafunsa ngati tikukakumana ndi masukulu a pa boma. Ndinati inde, ndipo ndinadandaula kuti anzathuwo ali ndi bwalo la simenti, nsapato zamasewera ndi mphunzitsi wophunzira za masewera, pamene ife zigoli zathu ndi mabulugama awiri. Bamboyo anapukusa mutu.

"Musaope, amayi. Ana a m'tauni amakumana pabwalo la mpira. Awa anakumana kusikelo, ali kumbuyo kwa amayi awo."

Anatsika pa boma ndi nkhuku yake, ndipo mawu akewo ndinatsala nawo.

Pa Chitakale tinafika nthawi itadutsa 9 koloko ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu. Anthu ambiri anatsika, dalaivala n'kuzimitsa injini, akuti adikire idzadzenso. Ndinamuchonderera, ndinamuopseza, ndinamutchulira ngakhale Mulungu, iye akungodya nthochi. Esnart anandigwira phewa kuti ndikhale chete. Atsikana anayi anatsika n'kuyamba kuitanira okha, wina kulandira dengu la mayi uyu, wina kukoka thumba la bambo uyo. Anyamata oitanira a pamenepo anangoti kakasi. Mphindi zisanu zisanathe minibasi inali itadzadza, kondakitala akulendewera pakhomo.

Tinatsika pa Chinakanaka kutatsala mphindi zisanu ndi zitatu, ndipo kuchokera pamsewu kukafika pabwalo tinathamanga, ine kumbuyo kwenikweni. Bambo wolemba matimu anali atakweza kale cholembera kuti atidule. Anatiyang'ana, matope m'miyendo, zitenje zonyowa, n'kufunsa ngati tachita kuwoloka mtsinje. Ndinangomupatsa mayina a atsikana, ndikupuma wefuwefu.

Masewera oyamba anandiwawa. Mipira itatu yoyamba imene Mariamu anaponya inagunda chitsulo n'kubwerera. Mayi wosankha uja anali atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, kope lili pamwendo, ndipo ndinamuona akuyang'ana kumbali. Ndinafuna kukamugwadira, kumuuza za migolo itatu ija, koma tsiku limenelo ndinali nditalankhula kale zokwanira. Anzake sanamukalipire Mariamu, ndipo sanasiye kumupatsa mpira. Anangosintha kaponyedwe, n'kumamufikitsira pansi penipeni pa chigoli kuti asavutike kutambasula manja, mpaka mapewa ake anamasuka. Palibe anawauza zimenezo, ine ndinazizindikira patapita nthawi.

Tinapambana masewera amenewo movutikira, achiwiri mosavuta. Omaliza tinakumana ndi sukulu yogonera komweko, atsikana khumi ndi awiri ovala nsapato zofanana. Iwo ankaitanizana mayina ndi kukuwa manambala a njira zimene anaphunzira. Athu ankasewera chete, opanda nsapato, Esnart akuponya mpira pamalo popanda munthu, munthu n'kupezekapo. Anzathuwo anasintha osewera kawiri, ife tinalibe wosintha. Chakumapeto mwana wathu wina anathyoka chikhadabo cha kuphazi, anachimanga ndi kansalu n'kubwereramo ndisanatsegule pakamwa. Tinawaposa ndi zigoli ziwiri.

Mphunzitsi wa sukulu ija anabwera kudzandigwira chanza n'kufunsa kuti ana amenewa ndimawadyetsa chiyani. Ndinamuuza kuti kalongonda. Pamene ndinkaseka naye, mayi wosankha uja anaitana Mariamu, anamufunsa dzina ndi zaka, analemba m'kope, n'kumupatsa kalata yoti akaonetse makolo. Mwanayo anailandira ndi manja awiri atagwada, ndipo ine ndinatembenuka chifukwa misozi inali itanditulukira pagulu.

Sitinadikire zolankhula za akuluakulu. Tinalandira kachikho kathu, tinagula tchipisi cha pachiwaya, ndipo 3 koloko tinali m'minibasi. Atsikana anaimba kuchokera pa Chinakanaka mpaka ku Limbuli, okwera ena n'kumathandiza kuwomba m'manja. Ine ndinali kuganiza. Zaka zitatu ndakhala ndikudzitama kuti timu imeneyi ndinaimanga ndine, pamene ndinaipeza yomangamanga. Pamudzi waung'ono mwana sasankha anzake. Amene amalima naye, amene amatunga naye, amene amakhala naye pamaliro, ndi yemweyo adzamupatse mpira. Sathawa pakati pa masewera chifukwa mawa akakumana naye kumjigo. Koma mudzi womwewo umene umawalimbitsa chotere uli ndi zake zimene umafuna, ndipo sukhululuka. M'mawa uja ndinkafuna zabwino zake zokha, zinazo ndizilumphe.

Azibambo a njinga tinawapeza akutidikira ku Limbuli. Titafika pa masamba aja, dzuwa litatsala pang'ono kulowa, nyimbo inadukira pakamwa. Esnart anakulunga chikho m'chitenje n'kuchiika pansi pa chikwama. Maliro anali ataikidwa kale, amuna atabalalika, koma amayi anali adakali pamphasa kuyambira pabwalo mpaka m'nyumba. Ulendo uno ndinalowa nditavala chitenje, ndinagwada, ndinapepesa.

Abiti Juma anali pa mulu wa mbale. Mariamu anawapatsa kalata ija. Sanaitsegule, anangoilowetsa m'bulauzi n'kumulozera beseni, iye n'kukwinya manja a malaya kuyamba kutsuka. Mtima wanga unayambanso kuwira. Mwana wachita zotere, ngakhale kumwetulira kokha?

Ndili chikhalire, mayiwo anasendera kufupi nane, maso ali pa mphika umene ankakwecha.

"Wagoletsa zingati?"

"Masewera omaliza okha, khumi ndi zisanu ndi zinayi."

"Amutenga?"

"Amutenga."

Dzanja lawo linaima pamphika paja. Kenako anakoka mpango n'kuphimba kumaso, mapewa akugwedezeka. Pamaliro palibe amafunsa chimene munthu akulirira. Atapukuta maso anaweramira mayi amene anali pambali pawo n'kumunong'oneza, uyo n'kunong'oneza wina, nkhani n'kumayenda pamphasa mpaka inalowa m'nyumba.

Patapita kanthawi anatuluka mayi wina n'kunena kuti amasiye akufuna Mariamu ndi aphunzitsi ake. Tinalowa chokwawa. Mkazi wa Che Amidu anali pakona, atafunda nsalu mpaka kumaso, mawu atasasa ndi kulira. Anagwira dzanja lonyowa la Mariamu.

"Madzi anu tasambitsira abambo anu," anatero. "Lero pakamwa pathu ndi potseka, mwanawe. Nthungululu zako takusungira. Akatha masiku makumi anayi, ndidzayamba ndine."