Chimbudzi cha m'vani si dzenje, abale

Lachitatu lapitali masana ndinali chogwada kuseri kwa fulati yathu ku Thamesmead, kuno kutsidya la nyanja, pamalo oimika magalimoto, waya wa hang'ala uli m'manja, mphuno nditakulunga ndi sikafu. Amene munandiona muli m'basi, eya, ndinali ine. Sindinkapemphera ayi. Ndinkalimbana ndi chimbudzi cha m'vani.

Ambiri a inu mukudziwa kuti mkazi wanga Tiyamike anatisiya chaka chatha. Chimene sindinalembepo patsamba lino n'chakuti anasiya vani, zija zokhala ndi bedi, kasitovu ndi kachimbudzi m'kati. Anaigula yakale kwa mzungu wina wokalamba. Iye anali nesi, ndipo akatsiriza mashifiti ake tinkapita nayo kunyanja ku Kent. Ine ntchito yanga inali kuyendetsa. Zotsalazo ankapanga yekha, ndipo sindinafunsepo kuti zotsalazo ndi ziti.

Chimwalirireni iye, vaniyo sindinaitsegule.

Milungu itatu yapitayo kunabwera apongozi anga, mayi ake a Tiyamike, kuchokera ku Ntcheu. Nthawi ya maliro mapepala awo a ulendo anachedwa, ndiye abwera tsopano kudzaona manda. Aona. Chatsala n'chimodzi: akufuna kukaima pagombe pamene mwana wawo ankajambulitsa zithunzi zimene ankawatumizira. Ndege yawo ndi ya Lachiwiri. Tsiku lathunthu limene ndilibe ntchito ndi Loweruka lokha.

Koma apongozi ali ndi shuga, ndipo wodwala shuga sakhala maola awiri m'galimoto osafuna kudzithandiza. Zimenezi sanandiuze okha. Anatuma mnzake wa Tiyamike wa kuchipatala, amene anandiimbira foni ndili kuntchito.

"Akuti ngati m'galimotomo mulibe chimbudzi, iwo angokhala," anatero. "Musadabwe, a Dali. Angakuuzeni bwanji inuyo kuti imani pano?"

Sindinadabwe. Zaka zisanu ndili pabanja, ine ndi apongozi sitinayang'ananepo m'maso. Ndimo tinaleredwera. Akafuna kundiuza kanthu ankauza Tiyamike, ine ndikuyankha kudzera mwa Tiyamike yemweyo, tonse tili m'chipinda chimodzi. Panopa tikukhala awiri m'fulati ya zipinda ziwiri. Ndikafuna kudutsa pakolido ndimatsokomola kaye. Iwo chakudya changa amachivundikira patebulo n'kulowa kuchipinda. Ulemu ulipo wokwanira mudzi wonse, koma wonyamula mawu palibe.

Ndiye ndinatenga makiyi n'kukatsegula vani ija.

Fungo lake sindilifotokoza, poti ena mumawerenga tsamba lino mukudya. Ndinaima pakhomo n'kumadzifunsa kuti zatheka bwanji, pakuti Tiyamike sankasiya thanki yosakhuthula ngakhale tsiku limodzi. Kenako ndinakumbukira. Sabata ya maliro munabwera ambiri, a ku Woolwich, a ku Edmonton, ena ochokera kutali ndithu. Chimbudzi m'fulati n'chimodzi, mzere unkafika pamasitepe. Wina wanzeru zake anatenga makiyi a vani n'kuyamba kulozera anthu kumeneko.

Ndikuthokozabe kuti munabwera, ndipo ndikunena zochokera pansi pa mtima. Koma abale, munandisiyira chikumbutso.

Ndikufotokozereni mmene chinthuchi chimagwirira ntchito, poti inenso ndachiphunzira sabata yomwe ino. Pansi pa mpando pali thanki ya pulasitiki, kukula kwake ngati sutikesi yaing'ono, imene imasololoka pakachitseko ka kunja kwa vani. Pakati pa mpando ndi thanki pali kachitsekero. Umakatsegula, ukamaliza umathira madzi n'kukatseka. M'thankimo muyenera kukhala madzi ndi mankhwala abuluu amene amasungunula zonse, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu umakakhuthula. Pepala lofunika ndi lija lopyapyala, losungunuka msanga.

Ife tinaitenga ngati dzenje. Ndipo ndani angatidzudzule? Kwathu chimbudzi sichibweza mawu. Chimalandira chilichonse, chikadzaza umakumba china, pakalepo n'kubzala papaya. Palibe mwana wa kwathu amene anakula akudziwa kuti chimene wasiya m'mawa, wina adzachinyamula madzulo.

Kachitsekero kanasiyidwa kotsegula, madzi onse anauma, ndipo miyezi khumi ndi inayi inachita ntchito yake. M'kati munali chinthu cholimba ngati njerwa yowotcha. Waya wanga unangokokamo mapepala a m'khitchini, tinsalu topukutira makanda, nyuzipepala ija yaulere ya pasiteshoni, ndi tsamba limodzi la nyimbo. Wa kwaya amene munasowa vesi lachitatu, ndalipeza. Sindikubwezerani.

Ndili pa ntchitoyo anatulukira a Tembo, a ku Zambia amene amakhala fulati ya pansi pathu, dalaivala wa basi. Anaima kutali ndithu, manja m'thumba.

"Ba Dali, mwapaya chani?" anafunsa. Atasuzumira anabwerera masitepe atatu. "Awe mudala, apa nikuthilamo chabe kositiki na manzi yobila. Five minutes, vonse vasila."

Nzeruyo ndinaikonda chifukwa inali yachimuna: yachangu, yamoto, yosafuna kugwira kanthu. Ndinali nditaimirira kale kuti ndikaike ketulo pamoto pamene ndinaona apongozi akutsika masitepe, atavala chijasi cha Tiyamike pamwamba pa chitenje. Kaya anationera pawindo. Anaima chammbali, nkhope atalozetsa kwa a Tembo.

"Bambo inu," anatero, "muwauze kuti waya autaye. Chouma sachikumba, amachiviika."

A Tembo anatembenukira kwa ine, ngakhale ndinali pafupi ndi apongozi kuposa iwo. "Bamayi bakamba ati waya uyo mutaye."

"Ndamva," ndinatero, maso ali pa tayala.

"Bamayi, bakamba ati bamvela."

"Muwauzenso kuti madzi owira apinda pulasitiki, ndipo mankhwala aukali a kositikiwo adya kalabala kali pakamwa pakepo. Labala akatha, ndiye kuti fungo tiyenda nalo mpaka kunyanjako. Athire madzi ofunda, oti dzanja lingathe kupirira, ndi sopo waufa wochapira. Atseke. M'mawa ndi madzulo azigwedeza ngati akusukusa chigubu. Masiku awiri."

"Iye! Bamayi, munali makanika?"

"Ndinatsuka mapoto a odwala pachipatala cha mishoni zaka zambiri, mwana wanga. Mwana uja unesi anauonera pa ine."

Zimenezi ndinkazidziwa, koma ndinali ndisanazimvepo kuchokera pakamwa pawo. A Tembo anafuna kundibwerezera, ndinawakwezera dzanja kuti basi.

Chifukwa ndine munthu wa digiri, sindinangokhulupirira. Ndinakaimba foni kusitolo yogulitsa zipangizo za mavani. Mzungu wa kumeneko ananena zomwezo, mawu ndi mawu, n'kungowonjezera kuti ndikamaliza ndipake labalayo timafuta ta olivi kuti asaume, ndiponso kuti ndisayerekeze kukhuthulira m'ngalande ya mumsewu. Malo ake ndi m'chimbudzi cha m'nyumba kapena potayira pa malo ogona a mavani. Ndinamuthokoza mwaulemu chifukwa chondiuza m'Chingerezi zimene ndinauzidwa kale m'Chichewa.

Masiku awiri ogwedeza thanki amam'patsa munthu nthawi yoganiza.

Kodi mwaona kuti ife chimbudzi sitichitchula? Timapita kuseri. Timakadzithandiza. Timakaona nyengo panja. Munthu wamkulu, wa tayi, amatha kufotokoza ndale za dziko lonse pa phwando, koma kufunsa mwini nyumba kuti pepala ili ndiponye kuti, pakamwa pamauma. Pa anthu onse amene analowa m'vani muja, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona kuti yadzaza? Munaona. Koma ukanauza ndani, pamaliro, kuti chimbudzi cha malemu chadzaza? Aliyense anatuluka mwakachetechete n'kugwirira mnzake chitseko.

Chodabwitsa n'chakuti mzinda uno tikuusamalira ndi ife. Ndi akazi athu, alongo athu, amayi athu, ndi amuna ena ochepa olimba mtima, amene m'mawa uliwonse amavala magolovesi m'mawodi ndi m'nyumba za okalamba, kusambitsa ndi kupukuta makolo a anthu ena. Akafika kunyumba timawafunsa kuti shifiti inali bwanji, iwo n'kuti inali bwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Kumudzi timatumiza zithunzi tili m'masuti pafupi ndi mlatho wotchuka wa mzinda uno. Wina akafunsa kuti mlamu akugwira ntchito yanji, timati ali kuchipatala, ndipo timanena mwa njira yoti womvayo aganize za dokotala.

Ine ndinagona m'vani imeneyo kambirimbiri. Ndinkaona Tiyamike akukoka thanki ija m'mawa kulowera kumapeto kwa msasa wa mavani, akuimba kanyimbo, ine ndili ndi kapu ya tiyi ndikuyang'anitsitsa mapu. Ndinkati ndikumupatsa ulemu posayang'ana. Ulemu wathuwu ndi wabwino, sindikuunyoza. Koma ndaona kuti nthawi zambiri umayenda bwino chifukwa pali wina pakati amene akunyamula zimene enafe sitifuna kutchula. Nanga wapakatiyo akachoka, otsalawo azitsokomolerana pakolido mpaka liti?

Lero Lachisanu m'mawa ndinagwedeza thanki ndipo m'kati munamveka kuti khuvu, khuvu. Njerwa ija inali itagonja. A Tembo anali ku shifiti. Ndinainyamula ndekha mpaka pakhomo la fulati, ndipo ndinapeza apongozi atandidikira ndi beseni ndi kansanza. Analoza pansi ndi chala. Ndinamva: chinthu chimenecho sichilowa m'nyumba chisanapukutidwe.

Anagwada n'kuyamba kupukuta, ine nditaima ndikuwerenga njerwa za khoma. Atapendeketsa thankiyo anasiya. Kumbali imene imayang'ana m'kati mwa vani kunali timizere titatu ta pulasitala wa kuchipatala, tolembedwa ndi bolopeni.

Anayandikitsa nkhope, n'kubwezanso mutu. Maso awo shuga anawafooketsa. Anayang'ana kumasitepe, anayang'ana pakhomo la aneba. Panalibe womutuma.

"Bambo," anatero. Ndinatenga kanthawi kuti ndizindikire kuti akunena ine. "Dzanja ili ndi lake. Walemba chiyani?"

Ndinagwada pambali pawo. Sindinayambe ndawayandikirapo chotero.

"Koyamba akuti: madzi kaye, kenako mankhwala abuluu."

"Eya."

"Kachiwiri: kachitsekero kazikhala kotseka."

"Nanga kachitatuko? Nkatalitu."

Ndinakawerenga kaye chamumtima. Ndinafuna kunama kuti kafufutika. Koma anali akundiyang'ana, m'maso mwenimweni, ndiye ndinawerenga mmene kanalembedwera.

"A Dali, tsiku limene mudzagwire thanki iyi ndi manja anu, kanikizani batani lobiriwira pokhuthula kuti mpweya uzilowa. Mukapanda kutero zikuthovukirani kumaso. Ndipo mudzandiitane ndidzajambule, anthu sadzakhulupirira."

Kenako apongozi anakhala pansi pasimenti, miyendo atatambasula, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kupukuta maso ndi ngodya ya chitenje, ndipo anapitiriza kupukuta kuseka kutatha. Ine ndinayang'ana batani lija. Linalipodi, lobiriwira, pamalo pamene ndakhala ndikugwira masiku atatu osaliona.

"Mwano umenewo anayamba ali ndi zaka zinayi," anatero. "Iyeyo ankawatcha bambo ake kuti a bwana osagwira khasu. Dzukani, kakhuthuleni. Ine ndikugwirirani chitseko."

Ndinakanikiza batani. Zonse zinatsika mwaulemu, popanda chondithovukira. Ndinatsukuluza kanayi mpaka madzi anatuluka oyera, ndinapaka labala mafuta, ndinathira madzi kaye, kenako mankhwala abuluu. Timapulasitala tija ndinatisiya pomwepo. Apongozi nthawi yonseyi anali pakhomo la bafa akundilangiza kuti ndapendeketsa kwambiri, kuti magolovesi ndavala mosemphanitsa, kuti anthu ophunzira ndi ovuta kuwaphunzitsa. Mawu amene anandilankhula m'mphindi makumi awiri zimenezo aposa a zaka zisanu.

Nditabweza thanki m'vani ndinakwera n'kupeza mbale ziwiri patebulo, zosavundikira, iwo atakhala kale.

"Mawa tinyamuke seveni," anatero akundipatsira ndiwo. "Ndipo m'njira ndikafuna kuima ndikuuzani ndekha. Thanki yanuyo ikhale ya alendo."

Ndinati chabwino, mayi.