Waya Wofiira pa Khosi la Botolo

Chimene sindinachimvetse pa a Bwembya Nsofwa mpaka lero ndi chifukwa chimene anabwererera ku Chaisa atatuluka m'chipatala. Anali ndi abale ku Mufulira. Akanatha kukwera basi osapondanso m'komboni yathu, ndipo palibe akanawanena. Koma anabwera, nakhala masiku anayi pakati pa anthu amene anafuna kuwawotcha.

Ndinakhala nawo moyandikana zaka zisanu ndi chimodzi. Sindinganene kuti anali munthu wofatsa. Sankacheza, ndipo dzanja lawo linali lofulumira kumenya. Ntchito yawo inali imodzi yokha, kuchotsa dzimbiri m'mathanki a njinga zamoto. Injini sankaigwira. Njinga ikayamba kutsamwa ndi kuzima panjira, amakaniko a ku Mandevu ankamasula thanki n'kuuza mwini wake kuti, "Pelekani kuli ba Bwembya."

Ankagwirira ntchito kuseri kwa nyumba yawo, pa khoma la njerwa za simenti. Ankayamba ndi kukhuthula petulo yense, kenako ankathira m'thanki manati akale ndi timiyala takuthwa, n'kutseka pakamwa, n'kuyamba kukhutchumula. Phokoso lake linkafika mpaka ku mpopi. Akatopa ankadzaza viniga n'kuisiya thankiyo igone tsiku lathunthu. Dzimbiri likakhala lokhwima ankathira asidi, atavala magolovesi a labala ndi kansalu kumphuno. Pomaliza ankatsuka ndi madzi a soda, kuumitsa padzuwa, ndi kuzunguza dizilo m'kati mwamsanga, chifukwa chitsulo chotsukidwa chimagwiranso dzimbiri tsiku lomwelo. Viniga ndi asidi ankazisunga m'mabotolo ofanana, amene kale munali mafuta ophikira. La asidi linali ndi waya wofiira pakhosi. Ndi iwo okha ankadziwa tanthauzo la wayayo.

Pakhosi pawo panali chipsera cha moto. Anandiuza kamodzi kokha kuti mkulu wawo anafa ku Mufulira akuwotcherera thanki imene inali isanathe mpweya wa petulo, iwo ataima pambali. Mwina n'chifukwa chake anachita zimene anachita kwa Levy, mnyamata woitanira mabasi. Levy anabwera ndi thanki ya mnzake, nayatsa ndudu ataima pamwamba pa mathanki otsegula. A Bwembya sanamuchenjeze. Anam'menya ndi sipanala pakamwa, ndudu ndi mano awiri zinagwera limodzi pansi. Ine ndinawauza kuti analakwa. Anandiyankha kuti, "Mano yabili na mutu, chilipo chabwino ni chiti?" Levy sanapite kupolisi, koma sanaiwale.

Mu February 2020 mu Lusaka munadzaza mantha. Kunkamveka kuti kuli anthu opopera mankhwala okomola m'nyumba za anzawo, ndipo m'makomboni angapo khamu linapha anthu ongoganiziridwa. Pa masiku amenewo a Bwembya anali ndi thanki ya njinga ya a Namukolo, mayi wamasiye wogulitsa nkhuku pamsika, amene mwana wawo ankaperekera nkhuku m'malesitilanti pa njingayo.

Linali Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo. A Bwembya ankachokera kogula viniga ndi asidi, mabotolo awo aja awiri ali m'manja, magolovesi ali m'thumba la ovolosi, kansalu kaja kali lende pakhosi. Podutsa pa siteshoni ya mabasi, Levy anakwera pa chitseko cha basi nakuwa.

"Ni uyu! Onani vimankhwala! Onani vovala kumanja!"

Mwala woyamba unawapeza kumsana. Sanathawe. Anaika mabotolo pansi mosamala, natembenuka, namenya munthu woyamba amene anawayandikira. Apo m'pamene zinaipira. Anawagwetsa ndi thabwa, nayamba kuwaponda kumutu ndi m'nthiti. Ine ndinali pa khomo la sitolo, nyuzipepala ili m'manja. Ndinafuula kuti munthuyo ndikum'dziwa, koma mawu anga sanapite patali, ndipo sindinatsike pakhondepo. M'khamumo munali anthu amene njinga zawo zinkayenda chifukwa cha iwo. Wina anagubuduza tayala. Wina anathamangira kwa ogulitsa petulo wa m'mabotolo.

A Namukolo anachoka pa nkhuku zawo akukankha amuna ndi zigongono, chitenje chili m'chiuno.

"Imwe vipuba! Aba ni ba Bwembya ba mathanki! Iyi ni viniga chabe, yamene mudya mu chipisi!"

"Ngati ni viniga imwani, ba mayo!" anatero Levy. "Imwani tione!"

"Nizamwa. Uganiza niyopa iwe wopanda mano?"

Ena anaseka. Miyala inayamba yaleka. A Namukolo anatola botolo limene linali pafupi, natsegula. Khamu linkadikira, ndipo ndikhulupirira kuti akanamwa viniga anthu akanabalalika ndi manyazi. Koma botolo limene anatola linali la waya wofiira.

A Bwembya anali chigonere m'fumbi, tayala lili kale pamapewa, diso limodzi litatsekeka ndi magazi. Analiwona botolo likukwera. Ankadziwa chimene anthu aja adzamve akatchula dzina la zimene zinali m'katimo.

"Ba Namukolo, osamwa! Uyo ni asidi!"

Mayiwo anaponya botolo pansi. Asidi anachita thovu pa simenti ya ngalande, fungo lake n'kukwera. Khamu linabangula.

"Avomela yeka! Muwocheni!"

Anawamenya koposa poyamba. Munthu wina anawaphwanya dzanja lamanja ndi njerwa, kawiri, ndipo ndinamva fupa likuthyoka ndili pakhonde. Anawathira petulo kumutu. A Namukolo anawagwera pamwamba nawakumbatira, petulo n'kunyowetsa onse awiri, akukuwa kuti woyatsa ayatse onse. Wa machesi anazengereza. Akuzengereza choncho galimoto ya apolisi inafika, mfuti zinalira m'mwamba, ndipo pamalopo panangotsala mapatapata ndi miyala.

Anakhala m'chipatala milungu isanu. Apolisi atawafunsa mayina a amene anawamenya, anati sanaone nkhope ya munthu. Ku tchalitchi kwathu ena anayamba kuwatchula munthu wa Mulungu. Ine sindinganene zimenezo. Ndikudziwa chabe kuti anaona waya nalankhula.

Atabwerako, dzanja lamanja linali lopinimbira, losatha kugwira. Thanki ya a Namukolo inali itakhala nthawi yonseyo kuseri kwa nyumba, dzimbiri litabwereramo loposa kale. Sakanathanso kukhutchumula. Anagadamitsa njinga yakapalasa, namangirira thanki ku gudumu lakumbuyo ndi malamba a chubu, nayamba kupukusa chopalasira ndi dzanja lamanzere. Manati analira masiku awiri. Anthu odutsa ankafulumira, maso ali pansi. Levy anasamukira ku siteshoni ina.

Tsiku lachinayi a Namukolo anabwera ndi nkhuku yamoyo. Anayamba kulankhula zambiri, misozi ikutsika. A Bwembya anawadula, nawapatsa thanki, nawauza kuti asuzumiremo. M'kati munali mbee.

"Muuzeni mwana wanu asaziisiya yopanda mafuta," anatero. "Mukangena mphepo na madzi, yayambanso."

Nkhuku anaikana. Asidi wotsala anam'thira m'dzenje la phulusa, nakwirira. Mmawa mwake ndinawaona akutseka chitseko, chikwama chili paphewa lamanzere. Ndinawafunsa kumene amapita. Anati, "Kutsogolo uku," naloza ku msewu ndi chibwano.

Tonse tinkaganiza kuti apita kwawo. Patatha miyezi itatu mlongo wawo anafika kuchokera ku Mufulira kudzawafuna.