Mwala wa Léontine

Zaka makumi atatu ndakhala ndikusesa bwalo la nyumba zathu kuno ku Montparnasse, mu Paris, ndipo fumbi lambiri lomwe ndameza ndi la bambo Ottavio Bernacca. Iwo adachokera ku Carrara ali mnyamata, atanyamula matchizulo a malemu bambo awo. Ntchito yawo inali kusema miyala m'malo mwa amisiri otchuka. Wotchukayo ankangoumba chinthu ndi dongo n'kupita kukamwa khofi, a Ottavio n'kutsala akuyeza ndi kachipangizo kawo ka singano, kadontho ndi kadontho, mpaka mwala utafanana ndi choumbacho. Dzina lolembedwa m'munsi linkakhala la wakhofi uja. Zimenezi zinkandipsetsa mtima ine, osati iwo. Ntchito zotere zikasowa ankasema angelo a pamanda, ndipo adasema ambiri zedi.

Mkazi wawo, Léontine, anali mnzanga wa ponda apa m'pondepo. Ankachapa zovala za anthu. Khutu lake limodzi lidafa ali mwana, ndiye munthu akamamulankhula ankapendeketsa mutu, khutu lamoyolo patsogolo, ngati nkhuku yosuzumira mphamba. Chithunzi sadajambulitsepo ngakhale chimodzi.

"Ndikajambulitsirenji katswiri ndili naye m'nyumba?" ankatero. "Abambo inu, mudzandisema liti?"

"Mawa, mayi. Ndimalize kaye ndevu za nduna iyi."

"Zikumerabe ndevuzo? Chaka chatha zinali za bishopu!"

Ankaseka onse awiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

M'chaka cha 1913 m'chipinda chakumapeto mudalowa mlendo wa ku Poland, Tadeusz Wrona. Anali wa gulu la amisiri atsopano aja, omwe ankati nthawi yokopera mphuno za anthu idatha. Anzake ankajambula munthu ngati mabokosi osanjikiza, n'kumakangana tsiku lonse kuti adayamba ndani. Iye ankangolunjika pamwala ndi tchizulo, wopanda dongo, wopanda choyezera. A Ottavio ankamuonerera atagwira m'chiuno.

"Mphwanga, chimenechi ndi chiyani? Mbatata?"

"Ndi mbalame ikuuluka, madala."

"Nthenga zili kuti?"

"Nthenga ndasiyira inu. Ine ndasema kuulukako."

"Ee! Ndiye mawa useme kununkhira kwa msuzi, tidye."

Ankanyozana chonchi tsiku ndi tsiku, koma masana Léontine ankawapakulira msuzi wa anyezi m'mbale zitatu. Tsiku lina Wrona adapempha mwala woyera wotsala pa mngelo wina. Patatha miyezi iwiri adatiitana tonse kuti tikaone. Chinali chinthu chosalala ngati dzira, chopanda maso, chopanda pakamwa, chopendekera mbali imodzi pakakhosi kochepa.

"Awa ndi mayi Léontine," adatero.

A Ottavio adaseka mpaka kutsokomola. "Mkazi wanga wasanduka dzungu! Mwala wanga wabwinobwino!"

Inenso ndidaseka, ndisaname. Léontine yekha sadaseke. Adachiyang'ana nthawi yaitali mutu uli chopendekera, kenako adati, "Chabwino, bola wina wandisema." Adachinyamula yekha n'kukachiika pawindo lawo.

Nkhondo itayamba Wrona adalembetsa usilikali, ndipo chaka chisadathe tidamva kuti wafa. Anzake adabwera kudzatenga miyala yake yonse, kupatula wapawindo uja. Kenako mu 1918 kudadza mliri wa chimfine. Lolemba Léontine adachapa nsalu, Lachisanu tidamuika m'manda. Mtima wanga udasweka, ndipo mpaka lero sudalumikizike.

Patatha sabata zingapo ndidawapititsira a Ottavio buledi m'mawa. Ndidawapeza atakhala pampando moyang'anizana ndi mwala uja, dzuwa likuuwomba cham'mbali. Ndidaima pakhomo pomwepo. Anali Léontine. Anali iyeyo ndithu, akumvetsera, monga ankachitira ukamamuuza miseche ya pabwalo.

"Mwamuona, mayi Perrine?" adandifunsa osatembenuka. "Kamnyamata kaja kanali ndi maso. Ine zaka zonsezi ndimangoyeza."

Chiyambire tsikulo ankakokera mpando kumbali ya khutu lamoyo n'kumauuza mwalawo zonse: za nyamakazi yawo, za mphaka wa aneba, za masitonkeni osowa. Anthu ankati mutu wazungulira, koma ine ndinkaona munthu yemwe wayambanso kudya.

Zidayenda chonchi chaka chathunthu. Tsiku lina adandiimitsa ndili ndi tsache m'manja.

"Mayi Perrine, nkhope yake ikundithawa. Ndikatsinzina ndimaona tsitsi, ndimaona mpango, koma pakati pali mbuu. Ndidamulonjeza kuti ndidzamusema. Mwala ulipo kale, kwangotsala maso ndi mphuno."

"Bambo inu, musayerekeze! Usiyeni mmene ulili."

"Ndasema nkhope mazanamazana. Ndilephere ya mkazi wanga?"

"Zonsezo munkakopera. Apa mukopera chiyani?"

Adalowa n'kutseka chitseko. Ndikadayenera kuuba mwalawo n'kuubisa kunsi kwa bedi langa, ndipo ndimadziimba mlandu kuti sindidatero.

Sabata zitatu bwalo lonse lidamva khoo, khoo, khoo. Pamwala sungawonjezere kanthu, umangochotsa. Kuti mphuno ituluke, masaya ayenera kudyedwa. Kuti maso akhale pamzere umodzi, dzanja lozolowera kuyeza limawongola chopendekera lisadafunse mwini wake. Ndinkadziwa zimenezi chifukwa fumbi lake ndinkasesa ndine, ndipo tsiku lililonse linkachuluka.

Phokoso litaleka ndidadikira masiku awiri, kenako ndidalowa osagogoda. Pawindo panali nkhope yokongola, yosemedwa mwaluso loti palibe wina mu Paris muno akadatha. Mutu uli njo, maso ofatsa, milomo yaing'ono. Ndidaizindikira nthawi yomweyo. Inali nkhope ya angelo awo aja, yomwe yadzaza manda onse a mumzinda uno. Ya Léontine munalibemo ngakhale pang'ono.

A Ottavio adali pansi, atatsamira khoma, ndevu zili mbuu ndi fumbi. Pamiyendo adali atayala mpango wa mkazi wawo, m'menemo atasonkhanitsa tizidutswa tonse ta mwala tomwe adagumula. Madzi akatayika saoleka, koma mawu amenewo ndidawameza.

"Si iyeyo," adatero.

"Si iyeyo, bambo."

Sadagwirenso tchizulo kuyambira pamenepo. Zitsulo zawo adagawa, ndipo nkhope ya mngelo ija adaitembenuzira kukhoma. Adakhala zaka zina zinayi, akuwothera dzuwa pabenchi la pabwalo, osayankhulayankhula. Mwezi womwe adamwalira ndidakhala nawo pabenchipo ndikusenda mbatata. Ndidaona akupendeketsa mutu wawo pang'onopang'ono, uku, kenako uku, ngati munthu woyesa chipewa.

"Mayi Perrine," adatero, "ankapendekera mbali iti?"

Ndidatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, poti ndani ankamudziwa kuposa ine? Koma mpeni udaima m'manja. Ndidafufuza m'mutu monse, osapeza.

"Kumanzere," ndidatero.

Adagwedeza mutu, nkhope n'kumasuka, ndipo adandithokoza kawiri. Ine mpaka lero sindidziwa ngati ndidawauza zoona.