Nyimbo ya Natembo pa Mtondo

Ndinachoka ku Madzimoyo chaka chimene minda yathu ya kudambo inasanduka munda wa fodya wa mzungu. Anatisamutsira pamiyala, koma msonkho sunasochere, unatipeza komweko. Ndinauza mkazi wanga Natembo kuti ndikupita ku Wanki kukakumba malasha, ndidzabwera mvula ikagwa kawiri. Mkazi wa kwathu satsutsa mwamuna pamaso, mawu ake amakanenera pamtondo akusinja.

Ku komboni ndinali ndekha pakati pa khamu la anthu. Poyamba ndinkatumiza kandalama ndi nsalu kudzera mwa obwerera, kenako zinangozilala. Malipiro ankathera kusitolo ndi kumowa, ndipo manyazi obwerera chimanjamanja anandimanga miyendo.

Lamulungu lina kunafika anyamata a ku Mtenguleni ndi nyimbo yatsopano imene azimayi ankasinjira kwathu:

"Munda anatenga a fodya,
mwamuna anatenga a malasha,
ine nditengeni manda."

Tinaikonda kwabasi! Tinaiikira ng'oma n'kumavina mpaka fumbi koboo. Aliyense ankaloza mnzake: "Akunena inu a Zulu, inu ndiye mwatchona!" Ine ndinkaseka kuposa onse. Ngakhale kapitawo wa mzungu ankaiimba ndi mluzu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamanga katundu.

Ndinabwerera nkhondo yaikulu ya azungu itatha, mgodi utandikana chifukwa cha chifuwa. Nyumba ndinaipeza itagwa, m'kati mutamera bonongwe. Mlongo wanga Tisauke anandipatsa madzi, kenako anandiuza kuti Natembo anamuika kale m'manda. Njala inamupeza akulima yekha pamiyala paja.

"Bwanji sananditumizire mawu?" ndinafunsa.

"Achimwene, anatumiza. Kulemba sankadziwa, ndiye anapeka nyimbo pamtondo uwu. Ankaphunzitsa aliyense wopita kumigodi kuti mwina ikakupezani. Ija ya fodya ndi malasha. Kodi sinafike?"

"Inafika."

"Nanga munatani?"

"Tinavina."

Tisauke anatola lichero lake n'kulowa m'nyumba.

Ndinkaganiza kuti ogontha tinali ife a kumigodi okha. Ayi ndithu. Kuno nakonso amaiimba pamaukwati, akazi akululutira. Anyamata amaivina mwaluso, m'mawa mwake n'kunyamuka ulendo wa ku Wanki. Fodya wa mzungu akadali kudambo, wobiriwira bwino.

Ikayamba, mtima umandiwawa, ndimakhala pansi. Anzanga amaseka, amati nkhalamba yatha mawondo.