Anasambitsa injini ya adada

Adada atamwalira, bokosi lawo tinalinyamula pa pikapu yawo yomwe, ija anabwera nayo kuchokera ku Joni ine ndili mwana. Amama sanapite nawo kumanda. Anali gone m'chipatala, mbali imodzi ya thupi itauma, ndipo za maliro a amuna awo anangozimva kwa anthu.

Kwathu galimoto ikanyamula maliro imayamba yatsukidwa isanagwire ntchito ina. Zimenezo sindikana. Koma azakhali anga, alongo awo a adada, ndi munthu wosadziwa polekezera. Ine ndili koperekeza alendo, iwo anauza asuweni anga kuti atsikire nayo kunyanja, ku Chikale. Anatsuka kumbuyo, anatsuka mipando, kenaka azakhali akuti tsegulani kutsogoloko, manja a malemu ankakhalitsa kumeneko. Ndowa za madzi a m'nyanja, ndi mchenga womwe, khuthu! pa injini yotentha.

Pobwera nayo kunyumba, kanyali kofiira ka batire kanali katayaka, ndipo sikanazimenso.

"Azakhali, injini ndi mbale kodi?" ndinakalipa.

"Mwana iwe, umafuna tisiye imfa m'menemo?"

Ndinangochokapo, chifukwa zimene zinali pakamwa panga sizikanayenera munthu wamkulu.

Amama atatuluka m'chipatala ankafuna chinthu chimodzi basi, kukaona pamene anagona amuna awo, kumudzi kwathu, kumtunda kwa msewu wa ku Mzuzu. Ndinati tipeze takisi. Anapukusa mutu. Lilime linali lolemera, koma ndinamva bwinobwino: "Ya adada ako. Ina sindikwera."

Ndinayamba ndi zimene adada anandiphunzitsa. Lamba wa injini ndinamudina ndi chala, anali wokungika bwino. Mitu ya batire ndinaipala mpaka kuwala. Mafyuzi onse anali amoyo. Panatsala otaneta, kachipangizo kamene kamabwezera moto mu batire injini ikamalira. Ndinaimasula n'kuiyanika padenga ngati usipa, koma inali nthawi ya dzinja, dzuwa lake longosuzumira. Makaniko wa kuseri kwa msika ataitsegula anangoti mayo: mchenga unali utadya mabulashi, timakala todutsitsa moto, ndipo mawaya a mkati anali atapsa. Ku Mzuzu ndinazungulira mashopu onse nditainyamula m'jumbo. Ogulitsa ankandiseka, ati achimwene, imeneyi ndi ya nthawi ya atsamunda. Ndinabwerera chimanjamanja, mtima ukuwawa.

Uku amama akunka nafooka. Phala ankangolilawa. M'mawa uliwonse ankandiyang'ana, kenaka n'kuyang'ana panja pamene panali galimoto. Maso amenewo ankandipweteka kuposa mawu.

Ndinaganiza zongopita choncho. Batire ndinakatchajitsa mpaka kudzaza, ndipo makaniko anandichenjeza kuti ulendo wonse udalira moto umenewo: ndisayatse nyali, wailesi, kalikonse. Amama anavala chitenje chawo chakuda, tinawakweza kutsogolo, azakhali n'kukhala pambali pawo kuwagwirira.

Titangoyamba zitunda, mvula ija ya kwathu yosachenjeza inatsika. Poyamba ndinatulutsa mutu pawindo, madzi akundimenya m'maso. Koma pamakona paja malole amatsika ngati alibe mabuleki, ndipo ndinali ndi amama m'galimoto. Ndinayatsa mawaipa, ndinayatsanso nyali. Ndinkaona mawaipawo akuyamba ulesi pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwa chimene chikubwera.

Titapatuka kulowa msewu wa dothi, injini inatsokomola, n'kukhala chete. Mitengo ya kumanda inkaoneka pamwamba pa chitunda, koma njira yonse inali matope oterera. Ndinapotokola kiyi, kunangomveka ka-tiki.

"Amama, ndikuberekeni," ndinatero.

Anakana. Anatambasula dzanja lawo lamoyo lija, n'kuliika pachiwongolero pamene chikopa chinaperepeseka ndi manja a adada.

"Ndabweratu," anatero, osayankhula kwa ife. "Koma mwandisiyanso panjira."

Azakhali analira mokweza. Ine sindinawatonthoze.

Lole ya chinangwa ndi imene inatikoka kubwerera m'tauni. Amama anatisiya dzinja lomwelo lisanathe, ndipo kumanda kuja anakafika pa lole yahayala, ali m'bokosi.

Pikapu ili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, matope a tsiku lija akadali m'matayala. Sindilola munthu kuitsuka.