Mlendo wa pa mango a bambo

Mtengo wa mango wa pakhomo pathu ku Ngauma unamera ku njere imene bambo anabwera nayo m'thumba pobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Chaka china mtengowo unabereka pang'ono, nthambi ziwiri n'kuyamba kuuma. Bambo anapeza wolakwa msanga: chomera chimene chinakhazikika pamphanda, cha maluwa achikasu amawangamawanga ngati kambuku, ndi mizu yoyera yoloza kumwamba.

Kwathu aliyense amadziwa chomera chija timapangira ulimbo wogwirira mbalame. Chimaboola khungwa, chimayamwa mtengo mpaka nthambi kufa. Choncho chilichonse chomera pamtengo chimayesedwa chomwecho. Bambo ananola chikwanje, n'kunena kuti adula mphanda yonse. Mphandayo inanyamula theka la mtengo.

Nthawi imeneyo ndinkalemba nkhani za nyuzipepala ku Cuamba. Ndinawapempha kuti adikire sabata imodzi, ndipo pobwerera ku Cuamba ndinatenga duwa limodzi m'botolo. Mphunzitsi wina wa zaulimi analiyang'ana n'kunena kuti ndi mtundu wa orikidiya, wa gulu lotchedwa epifita. Liwulo ndi lachigiriki: epi ndi pamwamba, fita likuchokera ku liwu lotanthauza chomera. Chomera chokhala pamwamba pa chinzake, basi. Sichiyamwa. Chimamwa mvula ndi mame, ndipo mizu yoloza kumwamba ija imakola masamba ogwa, amene akaola ndiwo chakudya chake.

Ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, mpaka ku Mandimba, kenako njinga. Bambo anamvetsera ali chikhalire, chikwanje pamiyendo. Anati Agiriki sanauonepo mtengo wawo.

Ndiye ndinawauza zimene mphunzitsi anandilangiza, kuti atukule muzu umodzi ndi mpeni. Anatsamiritsa makwerero, nakwera okha. Muzuwo unamatuka ngati pepala lonyowa. Pansi pake khungwa linali lathunthu, popanda bowo.

Ali pamwamba pomwepo anatembenuka, n'kuona mbali ya kumadzulo, m'kati mwa masamba, timitolo titatu ta chomera cha ulimbo chija, pa nthambi zouma zomwe zija.

"Ndipatsire chikwanjecho," anatero.

Anadula nthambi ziwirizo, mphanda n'kuisiya. Liwu lachigiriki lija sanaligwire. Mpaka lero chomera cha pamphanda chija amachitcha mlendo, ndipo anthu akafunsa chifukwa chake sakuchichotsa, amayankha kuti amabwera ndi kamba wake.